Inshuwalansi ya agogo: kasitomala weniweni sapezeka pamndandanda wa manambala

Tsiku la msika pa Nkando, m'boma la Mulanje, katundu yense amakhala poyera. Tomato amaoneka ngati wapsa kapena wavunda, usipa umanunkhizidwa, kaunjika amatambasulidwa, nandolo amayezedwa pasikelo mwini wake akuyang'ana. Koma pali katundu wina amene sagwirika ndi manja ndipo sakwera pasikelo. Wogula amadziwa ubwino kapena kuipa kwake patapita miyezi, tsiku limene wagona pabedi la kuchipatala. Katunduyu ndi inshuwalansi ya zaumoyo, makamaka ya anthu achikulire.

Ejenti aliyense wa inshuwalansi amagona akuganiza chinthu chimodzi: maina a anthu oti akawalankhule mawa. Ejenti wotere akatsika minibasi pa Nkando kuchokera ku Limbe, sadziwa khomo la munthu ndi mmodzi yemwe. Amene amadziwa makomo onse ndi mayi wa pabenchi ya tomato, mnyamata wa pakabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba, mwini golosale ndi wakabaza. Iwowa amadziwa gogo amene amalandira ndalama kuchokera kwa mwana wake wa ku Joni mwezi ndi mwezi, mphunzitsi amene wangopuma pantchito, ndi bambo amene amapita kusikelo ya BP ndi shuga.

Nzeru imeneyi ndi ndalama, ndipo wamalonda akhoza kupezapo kangachepe pothandiza ejenti kupeza makasitomala. Koma geni imeneyi ili ndi minga. Mfundo ya danga lino sabata ino ndi yakuti wamalonda asagulitse maina a anthu ngati mulu wa mbatata. Kasitomala weniweni ndi munthu amene wavomera yekha kulankhulidwa, ali ndi womulipirira wodalirika, ndipo chimene akugulacho chidzagwira ntchito pachipatala chimene iye angathe kufikapo. Posowa chimodzi mwa zitatuzi, komishoni ya lero idzadya mpamba wa mawa.

Msika ulipo ndithu

Palibe angakane kuti mpata wa malonda ulipo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo boma la Mulanje lokha lidali ndi anthu oposa 680,000. Mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi asanu ndi a zaka 60 kapena kuposerapo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti mwa amayi ndi abambo a zaka 15 mpaka 49, oposa 97 pa 100 alionse adalibe inshuwalansi ya zaumoyo ya mtundu wina uliwonse. Ngati a msinkhu wogwira ntchito ali choncho, agogo akumudzi ndiye ali kutali zedi.

Mabungwe othandiza pa ndalama za kuchipatala alipo. Lodziwika kwambiri ndi MASM, ndipo palinso ena monga MedHealth ndi Wemas. Mamembala ambiri a mabungwe otere amalowa kudzera kuntchito, bwana n'kumalipirako gawo lina. Vuto limayamba tsiku lopuma pantchito. Wogwira ntchito m'boma amapuma akakwanitsa zaka 60. Kalaliki kapena kapitawo wa kuesiteti ya tiyi naye limafika tsiku lolongedza katundu kubwerera kumudzi. Kawirikawiri thandizo la kuchipatala limene ankapeza kuntchito limathera pageti, pa msinkhu womwe thupi layamba kufuna mankhwala tsiku ndi tsiku.

Chinanso, mtengo wa mankhwala sudaime malo amodzi. Mankhwala ambiri amachokera kunja, ndipo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Banja lililonse limene limagula mankhwala a BP kufamase lidaumva ululu wake. Pamwamba pa izi, namondwe wa Freddy mu March 2023 adakokolola minda, ziweto ndi nyumba m'madera ambiri a Mulanje ndi Phalombe. Mbuzi ndi nkhuku zimene mabanja ankagulitsa pakagwa matenda zidapita ndi madzi.

Choncho njala ya chitetezo ilipo. Koma munthu wanjala ndi amenenso amagula msanga chimanga chofumbwa.

Mpata umene uyenera kutsekedwa

Wina angafunse kuti inshuwalansi ndi yachiyani m'dziko limene chipatala cha boma n'chaulere. Funsoli ndi lomveka. Gogo wa ku Nkando akapita kuchipatala chachikulu cha boma ku Mulanje kapena akatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, salipira kuonana ndi dokotala. Koma aliyense amene adakhalapo gadiyani amadziwa kuti chaulerecho chili ndi mtengo wake.

Choyamba ndi thiransipoti. Wodwala wachikulire sayenda yekha, ndiye mtengo wa minibasi kapena njinga yamoto ndi wa anthu awiri, popita ndi pobwera. Chachiwiri ndi mankhwala. Akasowa kuchipatala cha boma, dokotala amalemba m'kabuku kuti akagule kufamase. Chachitatu ndi chakudya cha gadiyani, sopo ndi makala. Chachinayi, chimene wamalonda amachimva kuposa wina aliyense, ndi benchi yotsekedwa. Sabata ziwiri zodwazika kholo ndi sabata ziwiri zopanda malonda, tomato n'kuolera m'dengu.

Ena amasankha zipatala za mishoni, monga Mulanje Mission ya mpingo wa CCAP kapena St Joseph's ku Nguludi ya Akatolika, m'boma la Chiradzulu. Zipatala zimenezi zili pansi pa bungwe la CHAM ndipo zimalipiritsa. Boma limachita mgwirizano ndi zipatala zina za CHAM kuti anthu ena athandizidwe ulere, koma mgwirizanowu umakhudza kwambiri amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Nyamakazi, ng'ala ya m'maso, shuga ndi kufa kwa ziwalo nthawi zambiri zimafuna ndalama ya m'thumba.

Apa ndiye pali tanthauzo la inshuwalansi yoonjezera. Siibwera kudzalowa m'malo mwa chipatala cha boma. Imabwera kudzatseka mipata imene yatchulidwayi. Ilipo ya mitundu iwiri imene wamalonda ayenera kuisiyanitsa. Wina ndi wa khadi: membala amaonetsa khadi kuchipatala cholipira, bungwe n'kulipira bilu yonse kapena gawo lake. Wina ndi woti munthu akagonekedwa m'chipatala, kampani imamupatsa ndalama yoikika pa usiku uliwonse umene wagonako, kaya n'chipatala cha boma kapena cha mishoni. Kwa gogo wakumudzi amene amadalira chipatala cha boma, mtundu wachiwiriwu ukapezeka ungamuthandize kuposa khadi yokongola imene imalandiridwa m'tauni mokha.

Palinso inshuwalansi ya maliro, imene makampani monga NICO Life ndi Old Mutual amagulitsa. Ndi yothandiza, koma imagula bokosi, sigula mankhwala. Mabanja ena amasokoneza ziwirizi, ndipo wamalonda amene sadziwa kusiyana kwake asayambe n'komwe kutchulira anthu nkhaniyi.

Mndandanda wa manambala si makasitomala

Ku America, kupeza maina a okalamba oti agulitsidwe inshuwalansi ndi bizinesi payokha. Kumeneko boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Medicare mu 1965, yothandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Pa thandizo lambiri la kwa dokotala, Medicare imalipira 80 peresenti, yotsalayo n'kukhala ya wodwala. Makampani amagulitsa inshuwalansi yotchedwa Medigap yotseka mpata umenewo, ndipo pali makampani ena amene ntchito yawo n'kusonkhanitsa maina ndi manambala a anthu amene akuyandikira zaka 65 n'kumagulitsa kwa maejenti.

Njira imeneyi imayenda kumeneko chifukwa aliyense wofika zaka 65 amakhala ndi maziko ofanana, ndipo ambiri ali ndi penshoni yolowa kubanki mwezi uliwonse. Pa Nkando zinthu sizili choncho. Zaka zokha sizinena kanthu za thumba la munthu. Nambala imene yalembedwa kuti ndi ya agogo kawirikawiri imakhala ya mdzukulu. Ndipo anthu adaotchedwapo kale. Ndani sadalandirepo uthenga wonena kuti ndalama ija mutumize panambala iyi, kapena foni yonena kuti wapambana mphoto pampikisano umene sadalowe? Munthu wachilendo akaimba foni n'kutchula dzina la gogo, zaka zake ndi matenda ake, banja limaganiza za wakuba, osati za dokotala.

Ku Mulanje kuli chifukwa chinanso chosamalira. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidagwedeza Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu osalakwa adaphedwa pongoganiziridwa, ndipo ogwira ntchito m'mabungwe ena adayamba aima kupita m'midzi. Mphekeserazo zidali zabodza, koma phunziro lake lidatsala: mlendo woyenda khomo ndi khomo ndi kope, akufunsa za matenda ndi magazi a anthu popanda kudzera kwa amfumu, amadziika pangozi yekha ndiponso amaika pangozi amene wamulozera njira.

Lamulo nalo silikugona. Mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Dzina, nambala ya foni ndi nambala ya chitupa cha unzika ndi zinthu za mwini wake, ndipo za matenda a munthu zimatetezedwa mwapadera. Ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba amene angatsegule kaundula wake kuti wina akopere manambala a okalamba olandira ndalama akusewera ndi laini yake ndiponso ndi lamulo. Chimodzimodzi aliyense amene angatulutse maina a olandira Mtukula Pakhomo kapena a odwala a kusikelo ya BP. Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji mu 2006, ndi ya mabanja osaukitsitsa. Kandalama kameneko n'ka ufa ndi sopo. Kusaka makasitomala pamzere wolandirira ndalamayo ndi kulanda nsima m'manja mwa wanjala.

Wodwala ndi kholo, wolipira ndi mwana

Chinsinsi cha geni imeneyi n'chakuti amene adzagwiritse ntchito inshuwalansi ndi amene adzailipire nthawi zambiri ndi anthu awiri osiyana. Gogo ali ku Nkando. Thumba lili ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Mwana ameneyu ndi amene amalandira foni pakati pausiku kuti mayi akomoka, tumizani ya galimoto. Ndi amene amakongola katapila kuti alipire bilu kumishoni. Iyeyu ndiye angamve msanga phindu lolipira pang'onopang'ono mwezi uliwonse m'malo mogwetsedwa ndi bilu imodzi yaikulu.

Wamalonda wanzeru amayamba ndi ana, osati ndi makolo. Ndipo anawo sali kutali. Ambiri mwa mavenda a pamsika pomwepo ali ndi makolo amene akuwasamala. Ena amabwera kumudzi pa Khirisimasi, pa zinkhoswe, pa ziliza, ndiponso mu October pamene anthu amasonkhana kwa Chonde pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Imeneyo ndiyo nthawi yopatsana manambala mwaulemu, mwini wake akupereka yekha.

Malo achiwiri ndi magulu amene amasonkha kale ndalama: banki mkhonde, chipereganyu, ma SACCO, makalabu a alimi ndi komiti ya msika. Anthu amenewa adazolowera kusonkha pa tsiku loikika, ndipo amadziwana amene amabweza ndi amene amazemba. Makampani nawo amakonda gulu kuposa munthu mmodzi, chifukwa m'gulu mumakhala athanzi ndi odwala, achinyamata ndi achikulire. Munthu wa zaka 68 akapita yekha akhoza kukanidwa kapena kuuzidwa mtengo wokwera, pamene m'gulu mpata wokambirana umakhalapo. Mutu umodzi susenza denga.

Malo achitatu ndi mipingo ndi mizikiti: amayi a Mvano, magulu a Dorika, miphakati ya Akatolika ndi magulu a amayi a Dawa. Iwowa ndi amene amayendera odwala ndipo amadziwa khomo limene lavutika. Koma kumeneko sikolowa ndi fomu m'manja. Njira yake n'kupempha atsogoleri kuti ejenti adzapatsidwe mphindi zochepa zofotokoza pagulu, masana, aliyense akumva ndi kufunsa. Wofuna atsale yekha. Kumudzi, khomo loyamba kugogoda ndi la amfumu.

Malo achinayi ndi anthu amene atsala pang'ono kupuma pantchito: aphunzitsi, apolisi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, ndi ogwira ntchito m'maesiteti. Kwa iwowa uphungu wofunika kwambiri ndi wakuti afunse ku bungwe lawo asadapume ngati angapitirize umembala polipira okha. Kupitiriza umembala wakale n'kosavuta kusiyana ndi kulowa mwatsopano munthu atakalamba.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Kulankhula za inshuwalansi mu January ndi February, ndalama yonse ili ku feteleza, fizi ndi chimanga, n'kutaya malovu. Nthawi yabwino ndi pamene anthu agulitsa nandolo ndi mbewu zina. Banja limene limapeza ndalama kamodzi pachaka lifunse ngati kampani imalola kulipiriratu miyezi ingapo nthawi imodzi.

Pomaliza, ngakhale wolipira ndi mwana, thupi ndi la kholo. Palibe fomu yoyenera kudzazidwa gogo asakudziwa. Mawu ake ndi osavuta: "Agogo, mwana wanu akufuna azikusungirani ndalama ya kuchipatala. Kukubwera munthu kudzafotokoza, iyenso adzakhalapo. Mukapanda kukhutira, mudzakane." Akavomera, ndiye dzina lingaperekedwe. Akakana, nkhani yathera pomwepo, ndipo mawa adzabwerabe kudzagula mchere.

Mafunso asanu dzina lisadaperekedwe

Safunsa adadya phula. Wamalonda asadalozere ejenti khomo la munthu, ayambe wafunsa mafunso asanu, ndipo mayankho ake awaone olembedwa papepala la kampani, osati pakamwa pokha.

Loyamba: chilolezo chili kuti? Makampani a inshuwalansi, mabulokala ndi maejenti amayenera kukhala ndi chilolezo chochokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, motsatira malamulo a zachuma. Tisheti ya kampani ndi kachikwama si chilolezo. Wamalonda aimbe yekha foni kuofesi ya kampaniyo, panambala imene waipeza payekha, n'kufunsa ngati munthuyo amamudziwa.

Lachiwiri: malire a zaka ndi ati? Ndondomeko zambiri zimaika zaka zimene munthu sangalowenso mwatsopano, ndipo zina zimakweza mtengo munthu akamakula. Zaka ziwerengedwe kuchokera pachitupa cha unzika, osati zongoganizira. Kuchepetsa zaka pafomu kuti gogo alowe ndi msampha, chifukwa tsiku lofuna thandizo kampani idzayang'ana chitupa chomwecho n'kukana kulipira.

Lachitatu: nanga matenda amene munthu ali nawo kale? Apa ndi pamene mabanja ambiri amalirira. Pafupifupi ndondomeko iliyonse ili ndi nthawi yodikira. Munthu amalipira kwa miyezi ingapo asadayambe kuthandizidwa, ndipo pa matenda amgonagona nthawiyo ikhoza kufika chaka kapena kupitirira. Zina sizilipira n'komwe matenda amene munthu adalowa nawo. Gogo amene ali kale ndi shuga auzidwe zoona zake tsiku loyamba.

Lachinayi: khadi imalandiridwa kuti? Ejenti atchule maina a zipatala ndi mafamase a ku Mulanje, Luchenza, Thyolo, Nguludi kapena Limbe kumene khadiyo imagwira ntchito, ndipo wina apite kapena aimbe foni kukatsimikiza. Afunsenso za ndalama yoonjezera imene wodwala amalipira yekha pamene bungwe lalipira gawo chabe, imene ambiri amaitchula kuti shortfall.

Lachisanu: mwezi ukadumphidwa chimachitika n'chiyani? Geni ili ndi miyezi yowawa. Banja lidziwe masiku amene kampani imadikira lisadachotsedwe m'kaundula, ndiponso ngati kubwereranso kumatanthauza kuyambiranso nthawi yodikira. Lidziwenso kuti ndalama ya inshuwalansi si ya banki mkhonde. Chaka chikatha munthu osadwala, sagawana.

Pamwamba pa mafunso asanuwa pali lamulo limodzi losasintha: wamalonda asagwire ndalama ya kasitomala. Ndalama ipite mwachindunji kuakaunti ya kampani, kubanki kapena panambala ya kampani ya Airtel Money kapena Mpamba, lisiti n'kukhala m'manja mwa wolipira. Ntchito ya wamalonda ithere pokumanitsa anthu. Kufotokoza ndondomeko, kudzaza fomu ndi kulonjeza ndi ntchito ya amene ali ndi chilolezo. Wofuna kuigwira yonse ntchitoyi apite kukampani akaphunzitsidwe n'kulembetsa mwalamulo.

Masamu a komishoni

Masamu a nkhaniyi ndi osavuta, ndipo manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza. Ejenti walonjeza mwini golosale K10,000 pa munthu aliyense amene walembetsa. Banja lina limagula sopo, shuga, mafuta ophikira ndi mchere pagolosalepo, ndipo limasiya phindu la K3,000 pasabata. Pachaka ndi K156,000. Gogo wa m'banjamo walembetsedwa osauzidwa za nthawi yodikira. Patapita miyezi iwiri wagonekedwa, kampani yakana kulipira. Ejenti ali ku Blantyre, foni sakuyankha. Mwini golosale ali pomwepo, shopu yotsegula. Banjalo silidzapita kukakalipa kulikulu la kampani. Lidzaima pakhomo pa golosale, ndipo msika wonse udzamva. Wapeza K10,000, wataya K156,000, osawerengera achibale ndi anansi amene adzasamukire kushopu ina.

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Mpamba waukulu wa wamalonda wa pamsika wa kumudzi si katundu wa pashelefu. Ndi dzina. Ndilo limamuchititsa kuti apatsidwe katundu pangongole kuholoselo ku Limbe, ndipo ndilo limabweretsa kasitomala yemweyo kwa zaka 10.

Mgwirizano ndi ejenti nawo ulembedwe. Pepala linene ndalama yake, tsiku lolipira, ndiponso ngati malipirowo ndi a dzina loperekedwa kapena a munthu amene walembetsadi. Makampani ena amalanda komishoni kwa ejenti kasitomala akasiya kulipira m'miyezi yoyambirira, ndiye ejenti naye angafune kubweza mpirawo kwa wamalonda. Izi zikusonyeza kuti maina asanu a mabanja okhazikika amaposa maina 50 otoledwa mwachisawawa. Wamalonda akhalenso ndi kope lake lolembamo tsiku limene munthu adavomera kuti nambala yake iperekedwe. Kope limenelo lidzamuombola tsiku la mlandu.

Pamene yankho loona ndi "ayi"

Pali choonadi chimene ejenti wofuna komishoni sangachinene msanga: si gogo aliyense amene akuyenera kugula inshuwalansi. Ngati ndalama ya pamwezi ikulanda ya chakudya, ngati zaka zadutsa malire, kapena ngati chipatala cholandira khadi chili kutali kuposa chipatala cha boma, yankho labwino ndi kusagula. Banja lotere lithandizidwe njira ina. Magulu ambiri a banki mkhonde ali kale ndi thumba la zadzidzidzi. Thumba limenelo likhoza kukulitsidwa n'kuikiridwa malamulo omveka okhudza matenda a makolo. Ana a gogo mmodzi akhozanso kugwirizana kuti aliyense aziponya kangachepe mwezi uliwonse muakaunti imodzi ya mankhwala ndi thiransipoti basi. Pamenepo wamalonda sapeza komishoni, koma wapeza banja limene lidzamukhulupirira pa china chilichonse.

Ndi zoonanso kuti katundu ameneyu ndi wolemera kuposa mapewa a mavenda ndi makampani. Ku Ghana, ndondomeko ya boma ya inshuwalansi ya zaumoyo imene idakhazikitsidwa mu 2003 simalipiritsa anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo ndalama ya pachaka. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la anthu achikulire mu 2024, patapita zaka mabungwe monga MANEPO akulimenyera nkhondo. Lamulo lili papepala ndi poyambira chabe. Lidzamveka pa Nkando tsiku limene gogo adzapeze mankhwala a BP pawindo la chipatala cha boma osauzidwa kuti akagule. Makampani nawo akafuna msika wa kumudzi abweretse ndondomeko zolembedwa m'Chichewa chomveka, zolipirika nthawi yokolola, ndiponso zolandiridwa m'zipatala za mishoni zimene anthu amapitako kale.

Kufikira tsiku limenelo, chipata chili m'manja mwa wamalonda. Ejenti amabwera ndi minibasi ya m'mawa n'kubwerera ndi ya madzulo. Wa pabenchi amatsala. Adzakumana ndi gogoyo kuchigayo, kutchalitchi ndi kumaliro. Dzina lililonse limene angapereke likhale la munthu amene angathe kumuyang'ana m'maso chaka chamawa, tsiku la msika, n'kumufunsa kuti, "Agogo, kuchipatala kuja adakuthandizani?" popanda kuopa yankho.